PA GOMBE LA MEPONDA: Wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko

 Sabata ino tisiye kaye za mtengo wa usipa. Ndikufuna tikambe za kabotolo kaja kamene ena amasunga kumutu kwa mphasa, ena m'thumba la ufa, ena m'denga kuti ana asakaone. Ndikunena mankhwala a ARV, amene kuchipatala amawatcha TARV.

Kodi anatibweretsera mankhwalawa ndani? Mukafunsa wa chipani adzakuuzani kuti ndi chipani chake. Mukafunsa wa bungwe adzakulozerani galimoto loyera lija la zilembo pachitseko. Agogo adzati ndi azungu. Aliyense wa iwowa ali ndi kagawo kake koona. Koma oyamba kugogoda, pamene maboma anali chete, anali odwala eni ake. Nkhani yawo sikambidwa pa misonkhano ya kampeni, ndiye tiyeni tiikambe pano.

Edzi, kapena kuti SIDA monga timanenera kuno, inapezeka koyamba ku Malawi mu 1985, ndipo kuno ku Moçambique mu 1986. Tsidya lino tinali pankhondo. Zipatala zazing'ono mazanamazana zinatenthedwa kapena kutsekedwa, anamwino anathawira m'matauni, ndipo munthu wogona kuthengo kuopa zipolopolo simungamuuze za kachirombo kamene kadzamupha patapita zaka 8. Tsidya linalo kunali mtendere, koma unali mtendere wotseka pakamwa. M'nthawi ya Kamuzu Banda nyuzipepala ndi wailesi zinkanena zokhazo zimene boma lalola, ndipo nkhani za m'nyumba ya banja sizinkatchulidwa pagulu. Maofesi olimbana ndi Edzi analipo ndithu m'mayiko onse awiri chakumapeto kwa zaka za m'ma 1980, koma ofesi payokha siyankhula. Anthu anangopatsa matendawa maina ozembera: kaliwondewonde, magawagawa, matenda a boma. Pamaliro mlaliki ankati malemu adwala nthawi yaitali, ndipo aliyense ankawerama.

Sikuti atsogoleri onse anali otero ayi. Ku Zambia, Kenneth Kaunda anauza dziko lonse mu 1987 kuti mwana wake Masuzyo anamwalira ndi Edzi. Koma mau oterewa sanamveke mbali zonse ziwiri za nyanja yathu kwa zaka zambiri.

Nkhondo itatha pa 4 Okutobala 1992, abale athu oposa miliyoni imodzi amene anathawira ku Malawi anayamba kubwerera. Asilikali nawo anabwerera m'midzi, misewu inatseguka, malole anayamba kuyenda. Mpaka lero alipo amene amati matendawa anabwera ndi othawa nkhondo. Ine mau amenewa ndimadana nawo. Munthu wothawa moto simumufunsa kuti bwanji wanunkha utsi. Ndipo nyanja iyi sinakhalepo mpanda: takwatirana ndi a ku Makanjira, ku Likoma ndi ku Salima kuyambira kale boma lisanabwere ndi mapepala ake.

Akuluakulu mukukumbukira mchape wa 1995. Bambo Billy Chisupe a ku Machinga, kufupi ndi Liwonde, ananena kuti mizimu yawalotetsa mtengo wochiza Edzi. Anthu pafupifupi 300,000 anakhamukira kumeneko m'miyezi yochepa, aphunzitsi, apolisi, ogwira ntchito m'boma, aliyense ndi kapu yake. Sindikuwaseka. Kuchipatala nthawi imeneyo kunalibe chokupatsa koposa panado ndi mau akuti pita ukadye bwino. Koma taonani izi: khamu lonse lija linamwa n'kubwerera kwawo, aliyense payekhapayekha, osafunsa boma kanthu. Mchape sunachize munthu, ndipo sunasinthe lamulo ngakhale limodzi. Amene anasintha zinthu anali magulu aang'ono kwambiri, okwana pansi pa mtengo umodzi wa mango.

Ku Malawi, chaka cha riferendamu cha 1993, anthu ochepa amene anali ndi kachirombo anayambitsa bungwe la NAPHAM. Ku Maputo, mu 1996, kunabadwa Kindlimuka, bungwe loyamba la anthu okhala ndi kachirombo m'dziko lathu lino. Dzinali m'Chishangana litanthauza kuti dzuka. Onani zakazo bwino. Mabungwewa sanabadwe m'nthawi ya chipani chimodzi kapena pakati pa nkhondo. Anabadwa pamene munthu anayamba kuloledwa kusonkhana ndi anzake popanda wina kumulemba dzina. Ndale zinatsegula kazenera, odwala n'kulowetsapo mutu.

Musaganize kuti kuimirira pagulu kunali kosavuta. Amene munapitako ku Joni mukudziwa mzinda wa Durban. Kumeneko, mu Disembala 1998, mayi wina dzina lake Gugu Dlamini ananena pa wailesi kuti ali ndi kachirombo. Patangopita masabata ochepa, anthu a m'dera lake lomwe anamumenya mpaka kumupha, akuti wachititsa manyazi mudzi. Ife ogwira ntchito pa wailesi nkhani imeneyi timaikumbukira nthawi zonse tikamapatsa munthu maikolofoni.

Ndatchula South Africa dala, chifukwa mtengo wa kabotolo kanu unamenyedwera kumeneko. Mankhwala a ARV ogwira ntchito bwino anapezeka mu 1996, koma ankagulidwa madola oposa 10,000 pa munthu mmodzi pa chaka. Werengani nokha kuti ndi zidebe zingati za usipa. Akuluakulu ena a kunja ankanena poyera kuti mankhwalawa si a mu Africa, kuti ife tingophunzitsidwa kudziletsa basi, amene adwala adwala. Mwezi womwewo umene Gugu Dlamini anaphedwa, Zackie Achmat ndi anzake anayambitsa gulu la Treatment Action Campaign, TAC mwachidule. Ankavala malaya olembedwa kuti ali ndi kachirombo, odwala ndi osadwala omwe, kuti wofuna kugenda asowe pogenda. Achmat mwiniwake, ngakhale akanatha kupeza mankhwala, anakana kumwa kufikira 2003, akuti sangamwe yekha anzake osauka akufa.

Makampani 39 opanga mankhwala anali atatengera boma la South Africa kukhoti pofuna kuletsa lamulo lotsitsa mitengo. TAC ndi anzawo m'mayiko ambiri anachita zionetsero mpaka makampaniwo anachita manyazi, n'kuusiya mlanduwo mu Epulo 2001. Chaka chomwecho kampani ya Cipla ya ku India inati ingathe kupereka mankhwala a chaka chonse pa madola 350 okha. Apa ndi pamene zinthu zinatembenukira. Thumba la Global Fund linakhazikitsidwa mu 2002, ndipo la America lotchedwa PEPFAR mu 2003. Ndalama zija sizikanagula kanthu mtengo ukanakhalabe 10,000.

Koma TAC inalimbananso ndi boma lake lomwe, boma losankhidwa ndi anthu, la chipani cha Mandela. Pulezidenti Thabo Mbeki ankakayika zoti kachirombo ka HIV ndiko kamayambitsa Edzi, ndipo nduna yake ya zaumoyo, Manto Tshabalala-Msimang, inkalimbikitsa adyo ndi mandimu. Zinatengera khoti lalikulu, mu Julaye 2002, kulamula boma kuti lipereke nevirapine kwa amayi oyembekezera. Akatswiri a ku Harvard anadzawerengera kuti kuchedwa kumeneku kunatayitsa miyoyo yoposa 330,000 pakati pa 2000 ndi 2005. Tsono amene amaganiza kuti ukaponya voti wamaliza ntchito, aganizenso. Dziko lolemera kuposa onse kuno kummwera linaika m'manda anthu ochuluka chotero chifukwa cha maganizo a anthu awiri atatu a pampando.

Ife tinachita mwayi pang'ono pamenepa. Nduna yaikulu yathu m'zaka zimenezo, Pascoal Mocumbi, anali dokotala, ndipo sanakane za kachirombo. Mu 2000 boma linakhazikitsa khonsolo yolimbana ndi SIDA, CNCS, pansi pa ofesi yake. Mu 2001 iye analemba m'nyuzipepala ya New York Times kuti yakwana nthawi yolankhula mosabisa za atsikana aang'ono amene amatenga kachirombo kwa abambo aakulu. Mu Febuluwale 2002 kunatuluka lamulo loletsa bwana kuchotsa munthu ntchito chifukwa cha kachirombo. Komabe pa za mankhwala boma linkazengereza, likuti ndalama kulibe, madokotala kulibe. Amene anayamba kusonyeza kuti n'zotheka anali a Sant'Egidio, omwe aja anayanjanitsa Frelimo ndi Renamo ku Roma, ndi pulogalamu yawo ya DREAM mu 2002, pamodzi ndi madokotala a MSF amene anagwira ntchito ku Maputo, ku Tete ndi ku Lichinga konkuno. Anthu amene abale anali atawagulira kale nsalu ya maliro anadzuka n'kubwerera kumunda. Boma linalibenso chonena. Mu 2004 mankhwala aulere anayamba kuperekedwa m'zipatala za boma kuno, ndipo ku Malawi chimodzimodzi. Chaka chomwecho, mu Febuluwale, Bakili Muluzi anaulula pagulu kuti mchimwene wake Dickson anamwalira ndi Edzi. Anali atatsala miyezi itatu kuti achoke pampando, koma kuchedwa kuli bwino kusiyana n'kukhala chete.

Si nthawi zonse pamene ochita phokoso amakhala olondola pa zonse, ndipo pano ndinene chilungamo. Poyamba mankhwala ankaperekedwa m'nyumba zapadera zotchedwa Hospital de Dia, za odwala kachirombo okhaokha. Cha m'ma 2008 ndi 2009 nduna ya zaumoyo, Ivo Garrido, inalamula kuti nyumbazi zitsekedwe, odwala onse aziima pa mzere umodzi m'zipatala wamba. Mabungwe a odwala anakwiya, ku Maputo anayenda pamsewu. Anali ndi mfundo: sanafunsidwe, mizere inatalika, chinsinsi chinachepa, ndipo ena anasiya kumwa. Koma nayonso nduna inali ndi mfundo. Nyumba zija zinali m'matauni. Munthu wa ku Meponda, makilomita pafupifupi 60 kuchokera ku Lichinga ndi chitunda chonse chija, zinkamupindulira chiyani? Ndiponso kulowa pakhomo la nyumba imeneyo kunali ngati kulengeza pa wailesi. Kwa ife a m'mphepete, kutsitsira mankhwala ku zipatala zazing'ono kunali chinthu chabwino. Cholakwa chinali kuchita zimenezi ngati lamulo la usilikali, osakhala pansi ndi eni matenda.

Tsopano mvetserani nkhani imene ine ndimaikonda koposa zonsezi, chifukwa mulibe khoti, mulibe loya, mulibe kamera. Inachitikira kwa anzathu a ku Tete, olankhula ngati ife, olima ngati ife. Mankhwala anali aulere, inde, koma chapa si yaulere. Mwezi uliwonse munthu ankayenera kupeza ndalama ya ulendo, kusiya munda tsiku lathunthu, kukaima pamzere kuyambira mbandakucha, kuti alandire botolo limodzi. Ambiri ankalephera, ndipo m'kaundula ankalembedwa kuti athawa. Sanathawe. Anasowa ya chapa.

Mu 2008 odwala a kumeneko, pamodzi ndi anamwino ndi a MSF, anapangana njira. Anthu a mudzi umodzi osapitirira 6, amene thupi lawo lakhazikika, amapanga gulu. Mwezi ukatha amakumana pakhomo pa mmodzi, amawerengerana mapiritsi otsala, amafunsana za m'thupi, n'kusonkha ndalama ya ulendo wa munthu mmodzi. Iyeyo amanyamula makadi onse, amakaonana ndi namwino, amapimidwa magazi ake, n'kubwera ndi mankhwala a onse. Mwezi wotsatira amapita wina. Choncho aliyense amakwera chapa kawiri kokha pa chaka m'malo mwa ka 12. Palibe chachilendo apa kwa ife. Ndi chimodzimodzi chiperegani cha amayi, kapena asodzi okokerana chilimira chimodzi. Atawerengera anapeza kuti pa anthu 100 alionse a m'magulu amenewa, oposa 90 anali akumwabe mankhwala patapita zaka 4. Mu 2011 unduna wa zaumoyo unaitenga njirayi n'kuyamba kuifalitsa m'zigawo zina pansi pa dzina la GAAC, ndipo inaoloka malire kupita ku Thyolo ku Malawi, ku Zimbabwe ndi ku Lesotho. Nzeru ya pabwalo la kumudzi inakwera mpaka ku Maputo, pamene tazolowera kuti nzeru imatsika kuchokera kumeneko.

Chimene anthu a GAAC anapereka si ndalama ya chapa yokha. Kuti ulowe m'gulu uyenera kuuza anthu asanu a m'mudzi mwako kuti uli ndi kachirombo. Pamenepo ndi pamene pali phiri lenileni. Akulu anati mbewa ya manyazi inafera kuuna.

Amayi a tsidya lija nawo anaonetsa zawo. Mankhwala akale a stavudine ankapulumutsa moyo koma ankaononga thupi: masaya kulowa, miyendo kuuma ngati bango, mafuta kuunjikana pamimba, mapazi kuchita dzanzi. Munthu ankadziwika pamsika asanatsegule pakamwa. Mu 2012 amayi a bungwe la COWLHA anakaonetsa matupi awo kwa akuluakulu a boma la Joyce Banda, ndipo mu 2013 Malawi anasamutsira odwala ku mankhwala a tenofovir. Mu 2017, aphungu a ku Lilongwe atafuna kuika m'lamulo zoyeza anthu ena mokakamiza ndi zomanga munthu wopatsira mnzake kachirombo, amayi omwewa ananena kuti oyamba kumangidwa adzakhala iwo, popeza mkazi ndiye amayezedwa koyamba ku sikelo. Ndime zimenezo zinachotsedwa.

Nanga ife a Niassa? Kalembera wa 2009 anapeza kuti chigawo chathu ndicho chinali chotsika m'dziko lonse: akulu pafupifupi 4 pa 100 alionse, pamene ku Gaza anali 25. Tinadziguguda pachifuwa, tikumati awa ndi matenda a kummwera, a anthu a kumigodi. Kalembera wa 2015 anapeza pafupifupi 8 pa 100. M'zaka 6 zokha chiwerengero chinawirikiza. Gawo lina n'chifukwa chakuti amene akanafa ali moyo ndi mankhwala, ndipo zimenezo n'zokondweretsa. Koma gawo lina tikulidziwa tonse, ngakhale sitilitchula. Tikudziwa zimene zimachitika pagombe usiku bwato likafika ndi usipa wochepa, ogula ali ambiri, ndipo mayi alibe ndalama yokwanira. Tikudziwa za msodzi amene amachoka miyezi itatu kutsata nsomba, botolo n'kumuthera ali kutali, kadi lake lili m'dziko lina. Kodi zimenezi adzatinenera ndani ku Maputo? A ku Maputo nyanja yawo ndi ya mchere.

Ndipo pali china chachikulu. Mu 2023 anthu okhala ndi kachirombo m'dziko lino anali pafupifupi 2.4 miliyoni, ndipo pafupifupi 2 miliyoni anali pa mankhwala. Ndi ntchito yaikulu yoyenera kuombera m'manja. Koma pa ndalama 10 zilizonse zoyendetsera ntchito imeneyi, zoposa 9 zinkachokera kunja. Nguwo yobwereka siilimba m'thupi. Mu Januwale 2025 Donald Trump atangolowa pampando anaimitsa thandizo la America ku mayiko akunja, ndipo pofika pakati pa chakacho bungwe la USAID linali litatsekedwa. Anadzalola kuti mankhwala opulumutsa moyo apitirire, koma ma activista ambiri, aja oyenda khomo ndi khomo kufunafuna amene wasiya kumwa, anauzidwa kuti akhale kunyumba. Chisankho cha ku America, chimene palibe mmodzi wa ife anaponyako voti, chinafika mpaka pa khonde la chipatala cha kumudzi.

N'kosavuta kutukwana Trump, ali kutali ndipo samva Chinyanja. Funso lovuta ndi la kwathu konkuno. Mu 2001 ku Abuja atsogoleri a mu Africa analonjeza kuti pa ndalama 100 zilizonse za boma, 15 zidzapita ku zaumoyo. Zaka zambiri boma lathu silinafikepo pamenepo. Ndipo m'zaka za 2013 ndi 2014 akuluakulu ena anakongola mobisa madola oposa 2 biliyoni, zina akuti zogulira zombo zophera nsomba za tuna. Inu asodzi mukanaziona zombozo, zinangokhala padoko la Maputo n'kumachita dzimbiri. Nkhaniyi itaululika mu 2016 mayiko othandiza anaimitsa ndalama zawo zopita m'thumba la boma, metikali inagwa, ndipo zipatala zinamva kuwawa. America inkapereka madola pafupifupi 400 miliyoni pa chaka pa ntchito ya SIDA kuno. Ndiye kuti ngongole imodzi ija ikufanana ndi thandizo la zaka 5. Amene anganene kuti Edzi ndi nkhani ya kuchipatala yokha, ndale zisalowepo, ayambe wandifotokozera samu imeneyi.

Sindikuuza munthu kuti akatseke msewu kapena akaotche matayala. Tinaona zimene zinachitika chisankho cha Okutobala 2024 chitatha, ndipo pamene misewu yatsekedwa woyamba kuvutika ndi wodwala amene botolo lamuthera. A ku Tete sanagende mwala ngakhale umodzi. Zipatala za boma zimayenera kukhala ndi komiti imene anthu a m'midzi amakhalamo pamodzi ndi anamwino, ndipo mafumu ndi a mipingo ndi a mizikiti amaitanidwa. Vuto ndi lakuti pa mipando imeneyi pamakhala anthu a thanzi lawo, olankhulira odwala amene sanawafunse. A sheikh ndi abusa, ndikupemphani mwaulemu: m'malo mwanu tumizaniko nthawi zina munthu amene amamwa mankhwalawo, ngati iye walola.

Ndipo akapita asakangoomba m'manja. Afunse kuti m'nkhokwe mwatsala mankhwala a miyezi ingati. Afunse kuti ma activista amene anaima ntchito mu 2025 analowedwa m'malo ndi ndani, ndipo akulipidwa ndi ndani. Afunse ngati msodzi amene thupi lake lakhazikika angalandire a miyezi itatu asananyamuke ulendo wa panyanja, popeza unduna unaloleza kale njira imeneyi, ndiponso chimene angachite mnzathu amene botolo lamuthera ali ku Makanjira kadi lake lili la tsidya lino. Mayankhowo alembedwe m'buku la komiti, ndi tsiku lake, kuti phungu wathu akadzabwera ndi makapulana a kampeni tidzamuwerengere.

Ku ulaliki wa Lachisanu ndi wa Lamulungu uno, amene muli ndi nyuzipepala iyi muwerengereko anzanu osadziwa kuwerenga. Sabata yamawa tidzakamba za maukonde a udzudzu amene akuphera nsomba zazing'ono m'magombe athu.